Mawu a Pensulo M'timabuku ta Amayi

3 Febuluwale

Wokondedwa Mzime wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kutali uliko. Ife kuno tikudzuka, ngakhale kudzuka kwake ndi kwa nkhalamba. Mlongo wako ndi mlamu wako akupereka moni. Ndikulemba kalata chifukwa pa foni paja ndimangomva ngati njuchi yalowa m'botolo. Makutu anga anatsalira m'malole amene ndinayendetsa zaka makumi atatu.

Amayi ako sanasinthe kwenikweni chiwagwereni sitiroko ija. Mbali ya kumanja ndi yakufa ndithu, mawu sakutuluka, koma kumva amamva zonse. Bedi lawo tinalisunthira pawindo, pamene pankakhala makina awo osokera.

Tsono imva chimene ndikupempha, ndipo usaseke. Mwezi uno ndalama usatumize, utumize timabuku. Ndikunena timabuku tachikondi tija ta nkhani zamakedzana, topyapyala ngati buledi wodula munthu woumira. Mlamu wako anapeza tiwiri mu dirowa ya makina n'kuyamba kuwawerengera masana. Tchuthi chake chatha, wabwerera kuntchito ku famase, kogulitsa mankhwala kuja, ndiye ntchito yagwera ine. Ine amene ndinkati timabuku timeneti n'toyatsira moto!

Ndimayamba 3 koloko, akadzuka kutulo ta masana. Ndikangoima kuti ndimwe madzi, amagogoda chitsulo cha bedi ndi chala cha kumanzere. Tiwiri timeneti tatibwereza katatu. Anthu ake ndawadziwa ngati anansi, ndipo ndikuuze, sagwira ntchito. Kucha mpaka kuda amangoyang'ana pawindo n'kumausa moyo. Mu kena, ngolo ya mahatchi yayenda tsiku limodzi mtunda umene ine ndi lole ndinkagonera panjira. Nditanena zimenezi amayi ako anandiponyera diso lija umalidziwa, ndipo ndinapitiriza kuwerenga mwaulemu.

Utiuze za tchuthi chako, ubwera liti?

Ndine bambo ako.


21 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Moni wochuluka kwa inu, kwa Amayi, achimwene ndi alamu. Munati ndisaseke, koma ndaseka mpaka gogo amene ndimamusamala kuno wandifunsa ngati wina wandifunsira. Inu, Bambo, kuwerenga za anthu ousa moyo pawindo!

Ndatumiza tisanu ndi kamodzi. Ndatigula pa sitolo ya mabuku akale pafupi ndi siteji ya basi, pamene mwini wake amatiunjika m'dengu pakhomo ngati tomato wotsala. Muyambe ndi ka chikuto chobiriwira, ka mwana wa munthu woolotsa anthu pamtsinje ndi mnyamata wojambula mapu. Ine ndakawerengera m'basi mpaka ndinapitirira potsikira panga.

Musamathamange powerenga, si msewu wa tala. Mukafika pamene awiriwo akutsanzikana, muziima pang'ono, Amayi amakonda kupuma pamenepo. Ndipo musamakonze nkhani. Ngolo ikayenda, yayenda.

Tchuthi andilonjeza mu Ogasiti. Ndinachonderera kuti chikhale Epulo, koma akuti palibe wondilowa m'malo. Bambo, zimandiwawa. Tsiku lililonse ndimadyetsa mayi wa eni ake ndi supuni, kumupesa tsitsi, kumudula zikhadabo, pamene mayi wondibereka akupesedwa ndi alamu. Nthawi zina ndikamamutembenuza gogoyu pabedi ndimamuitana kuti Amayi, iye n'kumayankha.

Timene ndatumizati tikatha, musadikire ine. Yang'anani pamwamba pa wadiropu, kuseri kwa sutikesi yaikulu. Pali katoni yodzaza ndi takale timene Amayi ankawerenga ife tili ana. Musakwere nokha pampando, achimwene akutsitsireni.

Muwapsompsone Amayi pachipumi, muwauze kuti wachokera kwa ine.

Ndine mwana wanu,
Mzime.


18 Malichi

Mzime wanga,

Moni. Phukusi lako linafika bwino, ndipo tonse tisanu ndi kamodzi tatha. Kobiriwira kaja kandichititsa manyazi. Mnyamata wa mapu uja atatengedwa kunkhondo, ine ndinati basi, ameneyu sabwera. Ndiye patatha zaka zisanu ndi ziwiri, uyo waima kutsidya kwa mtsinje ndi mkono umodzi, akuchita manyazi kuitana bwato. Mtsikanayo n'kumuzindikira ndi kagwiridwe ka chipewa! Ndinasiya kuwerenga n'kuyamba kupukuta m'maso. Ndinawauza amayi ako kuti ndi chimfine. Anaseka, Mzime, ndi theka la pakamwa, koma anaseka. Chiwagwereni sitiroko mu Novembala ndinali ndisanamve zimenezo.

Tsopano ndimasintha ndi mawu omwe. Mkulu wa asilikali ndimamuyankhulira m'mimba, mtsikana ndimamuyankhulira m'mphuno. Mlongo wako anandipeza ndikuchita zimenezi n'kubwerera pakhomo osalowa.

Katoni ija tatsitsa. Muli timabuku pafupifupi makumi asanu, tina todyedwa ndi njenjete m'mphepete. Amayi ako atationa anatambasula dzanja, n'kumatisisita kamodzikamodzi ngati akulonjera abale.

Pali kanthu kena kamene ndikufuna kufunsa, poti safunsa anadya phula. M'timabuku takaleti ndikupezamo mawu a pensulo m'mphepete mwa tsamba, dzanja la amayi ako. Mawu ake ndi amodzimodzi: "Abwera lero," kenako tsiku, mwezi ndi chaka. Sali kumapeto kwa nkhani ayi, ali pakatikati, pena tsamba la khumi, pena la makumi atatu. Zaka zake ndi zimene ine ndinkakhala pamsewu milungu itatu kapena inayi osaponda pakhomo. Iwe unkakhala pafupi ndi makina awo nthawi zonse. Kodi ankabwerayo ndani? Mwina ndi wodzatenga zovala zosokedwa. Ungondiuza, mtima ukhale pansi.

Ndine bambo ako.


8 Epulo

Mzime,

Moni. Milungu itatu yakwana. Wa positi amadutsa pano Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo tsopano amangondikweza dzanja osaima. Iwe suchedwa kuyankha. Kukhala chete kwakoku ndakumva.

Ndatsegula kabuku kalikonse m'katoni muja. Mawu aja ali m'timabuku makumi atatu ndi kamodzi. Munthu wodzatenga diresi salembedwa ka makumi atatu ndi kamodzi. Mu kena alembedwa pambali penipeni pamene mwamuna akulowera pakhomo la kuseri mwini nyumba ali paulendo. Tsamba limenelo ndaliwerenga mpaka lathothoka.

Ndakumbukira bambo uja wa njinga amene ankayenda khomo ndi khomo kusinthitsa timabuku, wa jekete la bulauni ndi mafuta onunkhira m'tsitsi. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde pano akumwa tiyi m'kapu yanga. Ndinamupatsa moni ndi manja awiri, chitsiru ine.

Lolemba lapitalo ndinalephera kupirira. Ndinatsegula kabuku kamodzi, ndinawaonetsa amayi ako mawuwo, ndipo ndinafunsa kuti, "Ankabwera ndani m'nyumba mwanga?" Anayang'ana tsambalo, anayang'ana ine. Kenako misozi, n'kutembenukira kukhoma. Munthu wosalakwa amatembenukira kukhoma?

Chiyambire tsiku limenelo sindinawerengenso. Mankhwala ndimawapatsa pa nthawi yake, kuwatembenuza ndimawatembenuza, palibe chimene akusowa. Koma 3 koloko ikakwana ndimatulutsa mpando wanga pakhonde. Kugogoda kwa chala kuja ndi kochepa, ndipo ine ndine wogontha, koma sindikudziwa chifukwa chake ndimakumva mpaka panja.

Sindinali mngelo pamsewu, koma nyumba yanga sindinaiiwale ngakhale tsiku limodzi. Ngati ukudziwa, ndiuze. Ndine wamkulu, sindikomoka. Mlongo wako asamve zimenezi.

Bambo ako.


19 Epulo

Alamu,

Moni a Mzime, ngati moni akufika kumene mwabisalako. Foni yanu ikungoyankhidwa ndi munthu wina amene akuti munasamuka. Kusamuka osatsanzika, mwasanduka wothawa lendi?

Ndisachulutse, nyumba ino yazizira ndipo sindikudziwa chimene chalowa. Bambo asiya kuwerengera Mayi. Ndikabwera kuchokera ku famase ndimawapeza pakhonde, manja pamawondo, akuyang'ana geti ngati mlonda. Ndikafunsa amati maso akuwawa. Maso ake ati, poti nyuzipepala akuwerenga mpaka za imfa ndi malonda omwe?

Mayi nawo asiya kudya. Msuzi supuni ziwiri, atseka pakamwa. Loweruka ndinati ndiyese ine, ndinatenga kabuku ka mtsikana wosoka mbendera za sitima zapamadzi, kamene ankakakonda. Ndisanamalize tsamba loyamba anakakankha ndi dzanja mpaka kanagwa pansi. Akufuna mawu a mwamuna wawo, ngakhale mawu ake ali ngati lole yokwera phiri. Maso awo sachoka pachitseko.

Achimwene anu mukuwadziwa, akuti za akuluakulu tisalowerere. Koma amene ndikuwasambitsa ndine, ndipo nthiti ndikuziwerenga ndi manja anga. Namwino amene amabwera Lachinayi wanena kuti akapitiriza chonchi, tisadzadabwe.

Kodi munawalembera chiyani Bambo? Kapena ndi kusalemba kwanu kumene kwawapweteka? Chilichonse chimene chilipo pakati pa inu awiri, chikonzeni msanga. Inu ndinu mzime, mawu anu amalowa kumene athu salowa.

Ndine mlamu wanu wotopa.


2 Meyi

Bambo anga,

Moni. Makalata awiri, yanu ya pa 8 Epulo ndi ya alamu, ndawalandira dzulo limodzi. Gogo uja anamwalira kumapeto kwa Malichi, ndipo mabwana anga anandisamutsira ku nyumba ina, tauni ina. Makalata ankangounjikana kumene ndinachoka. Koma ya Malichi ija ndinailandira ndisanasamuke, ndisaname. Funso lanu ndinaliwerenga n'kumwetulira, ndinati ndidzayankha ndikakhazikika. Ndinkaganiza kuti mukudziwa ndipo mukungofuna kumva kukoma kwake. Mundikhululukire.

Bambo, ankabwerayo ndinu.

Mukanyamuka ndi lole, Amayi ankasoka mpaka dzuwa kupendeka, kenako ankatenga kabuku n'kukhala pa sitepe ya pakhonde, pamene msewu umaonekera. Ankati nkhani za anthu odikirana zimafupikitsa tsiku. Lole yanu tinkaizindikira ikadali pa mlatho, chifukwa cha kulira kwa giya. Akangoimva ankachotsa pensulo ya muyezo m'tsitsi, n'kulemba pa tsamba limene afikapo, n'kutseka kabuku. Kameneko sankakatsegulanso. Ndinawafunsapo kuti bwanji simumaliza, nkhani ili pokoma. Anati, "Wanga wafika, enawo adziwa okha." Mukanyamukanso ankayamba kena. N'chifukwa chake mawuwo ali pakati. Timabuku makumi atatu ndi kamodzi timeneto sakudziwa mathero ake mpaka lero.

Bambo wa njinga uja Amayi ankamunena kuti amanunkha ngati sopo wa maliro. Tiyi anamupatsa tsiku limodzi lokha, mvula itamunyowetsa.

Funso munawafunsa lija, akanayankha ndi pakamwa pati? Anatembenukira kukhoma chifukwa analibe kwina kotembenukira.

Ndaimba foni kwa alamu m'mawa uno. Nkhani iyi sindinathe kuidutsitsa m'kamwa mwa mpongozi wanu, poti munati isamveke. Ndangowapempha kuti akuuzeni kuti mubwerere pampando wanu, zonse ndafotokoza m'kalata. Chonde, Bambo, ikangofika iyi, muwawerengere Amayi mokweza, yonse.

Mwana wanu,
Mzime.


12 Meyi

Alamu anga,

Pa foni paja tonse tinkangolira, palibe chimene tinamvana. Ndiye ndati ndikulembereni mmene masiku omaliza a Mayi anayendera, poti mapepala anu a ulendo sanakuloleni kudzawaperekeza. Tawaika dzulo. Anthu anabwera ambiri, ena atavala zovala zimene Mayi anawasokera kalekale.

Uthenga wanu ndinaupereka tsiku lomwelo. Ndinachita kulemba papepala kuti Bambo asaphonye liwu: "Mzime akuti mubwerere kwa Mayi, zonse wafotokoza m'kalata." Anauwerenga kawiri, n'kunena kuti, "Ndiye kuti zofotokoza zilipo." Sindinamve tanthauzo lake.

Mawa lake linali Lamlungu, ndinali pakhomo. 3 koloko itakwana ndinaona akulowetsa mpando. Anali atameta ndevu, atavala shati yoyera. Ine ndinali pakhomo la chipinda ndi beseni, ndiye zonse ndinaziona. Anakhala pansi, anagwira dzanja la Mayi, n'kunena mokweza monga amayankhulira anthu osamva, "Mayi, zakale ndi zakale. Kaya anali ndani, ine ndakukhululukirani."

Alamu, nkhope ya Mayi sindidzaiiwala. Anatulutsa mawu amene sindinawamvepo, ngati munthu wotsamwa. Anasolola dzanja lawo, n'kuwabaya Bambo ndi chala pachifuwa. Kamodzi, kawiri, katatu, mwamphamvu mpaka batani linaduka. Bambo anati, "Mukundithamangitsa? Sindichoka." Anatsegula kabuku n'kuyamba kuwerenga. Mayi analira mpaka kutopa, kenako anatseka maso n'kumamvetsera.

Kuyambira tsiku limenelo anawerenga masana aliwonse, masiku asanu ndi limodzi. Mayi anayambanso kulandira msuzi pang'ono, ine n'kumati tapulumuka. Loweruka m'mawa ndikuwapukuta kumaso, sitiroko inabweranso. Galimoto ya kuchipatala isanafike n'komwe anali atapita. Bambo anali pambali pawo.

Chimene ankakhululukirana sindikuchidziwa, ndipo sindifunsa. Kalata yanu ija sinafike mpaka lero. Bambo amafunsa m'mawa uliwonse.

Limbani mtima, alamu. Mudye, musamangogwira ntchito.

Ndine mlamu wanu.


30 Meyi

Mwana wanga Mzime,

Moni. Ndili moyo. Kalata yako inafika pa 15, patatha masiku anayi titawaika amayi ako. Ndakhala milungu iwiri ndikuyamba kuyankha n'kung'amba.

Nditaiwerenga ndinapita ku katoni kuja, osati chifukwa chokukayikira, koma ndinkafuna ndione ndi maso anga. Masiku a maulendo anga sindiwakumbukira, onse anasakanikirana ngati fumbi. Koma limodzi ndimalidziwa. Iwe unabadwa pa 4 Juni ine ndili kutali ndi katundu wa matabwa, ndipo ndinafika pa 9, amayi ako atatuluka kale m'chipatala. Ndinafufuza, ndipo ndinakapeza. Kabuku kachikasu, tsamba 22: "Abwera lero," 9 Juni, chaka chako. Tsiku limeneli ndinaliona mu Epulo muja. Ndinaliona ndi maso awa, koma ndinali kufunafuna munthu wina, ndiye ndinadzidutsa ndekha.

Mlamu wako akuti anakulembera za Lamlungu lija. Ndiye ukudziwa chimene ndinachita. Ndinameta ndevu, ndinavala shati yoyera, ndinadziona ngati munthu wamtima waukulu. Ndinakhululukira munthu wosalakwa, amene analibe pakamwa podzikanira. Ndipo anandiyankha, Mzime. Ndi chala chimodzi chimene chinawatsalira anandiuza katatu kuti ndinu, ndinu, ndinu. Ine n'kumati akundithamangitsa. Kugontha kwanga si kwa makutu okha.

Usadziimbe mlandu za kuchedwa kwa kalata. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndinakhala ndi mkazi ameneyu, sindinkafunika kalata yochokera kunja kuti indiuze kuti anali ndani. Milungu inayi imene ndinakhala pakhonde ija ndi yanga, ndiisenza ndekha. Madzi akatayika saoleka.

Unati ndiwawerengere kalata yako mokweza. Ndinapita nayo kumanda Lachitatu masana, ndinaima pamenepo, ndinaiwerenga yonse. Anthu okumba chapafupi anasiya makasu n'kuvula zipewa, ankayesa ndi pemphero. Kenako ndinapepesa. Kaya zinamveka, sindikudziwa. Chimene ndimadzitonthoza nacho n'chakuti masiku asanu ndi limodzi omaliza aja sanakankhe kabuku ngakhale kamodzi, ndipo Lachisanu, ndikuwerenga, anasiya dzanja lawo pa bondo langa mpaka ndinamaliza. Mwina anandikhululukira iwo, amene anali ndi chokhululukira chenicheni.

Mlongo wako akufuna ndisamukire kuchipinda chakutsogolo, akuti muno mukundidwalitsa. Ndakana. Mlamu wako wandisamalira ngati mwana wobereka ndekha, udzamubweretsere kanthu kabwino.

Ogasiti usasinthe poti amayi ako kulibe. Bwera ndithu. Zovala zawo sitinagawe, tikudikira iwe, ndipo makina osokera ndanena kuti asawakhudze munthu. Undilembere tsiku lenileni ndi nthawi ya basi, ndidzakhala pa siteji. Ukachedwa usadandaule, ndidzakhalabe pomwepo. Moyo wanga wonse wodikiridwa ndinali ine, ndipo sindinafunsepo kuti odikirawo tsiku amalitha bwanji. Ndayamba kuphunzira mochedwa.

Ndine bambo ako.